Fridtjof Nansen Sanakhutire ndi Phunziro Limodzi

Ambiri a ife timaganiza kuti phunziro limene tinasankha pano pakoleji ndi lokwanira palokha. Moyo wa Fridtjof Nansen ukutitsutsa.

Nansen anabadwa mu 1861 ku Norway, ndipo anayamba ndi kufufuza mitsempha ya zamoyo za m'nyanja mumzinda wa Bergen. Mu 1893 analowetsa dala sitima yotchedwa Fram m'madzi oundana a nyanja ya Arctic kuti izitengeka nawo. Kwa zaka zitatu anthu a m'sitimayo ankayeza kuya kwa nyanja, kuzizira kwa madzi ndi mchere wake. Anapeza kuti nyanjayo ndi yakuya kwambiri, komanso kuti pansi pa madzi ozizira pamadutsa madzi ofundirako ochokera ku Atlantic, amene akatswiri a zanyengo akuwayezabe mpaka lero.

Anaonanso kuti madzi oundanawo sankalondola mphepo ndendende, ankapatukira kumanja. Funsoli linkafunika masamu ozama, choncho analitula kwa odziwa, ndipo Walfrid Ekman anasindikiza yankho lake mu 1905.

Atathandiza anthu othawa kwawo, Nansen analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 1922. Anamwalira mu 1930. Ifenso funso likatikulira, tisachite manyazi kukagogoda kwa anzathu a maphunziro ena.