William Percival Johnson, wansembe amene parishi yake idali nyanja

Aliyense amene wakwerapo boti n'kuzungulira chilumba cha Likoma, kulowa m'timagombe take tamchenga ndi kudutsa pakati pa matanthwe otumphuka m'madzi, amaona kuti mtunda wa Mozambique uli pafupi zedi, pamene wa Malawi umangooneka ngati nkhungu kumadzulo. Komabe Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za dziko la Malawi. Chidachititsa zimenezi ndi mishoni ya mpingo wa Anglican imene idakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, ndipo mishoniyo sikadafika kumeneko pakadapanda munthu mmodzi wosamva zobwerera m'mbuyo, William Percival Johnson, amene adatha zaka 46 akuyendayenda panyanjayi, zambiri mwa zakazo akupenya ndi diso limodzi lokha, nalonso movutikira.

A Johnson adabadwa pa 12 March 1854 ku St Helens, pa chilumba cha Isle of Wight m'dziko la England. Adaphunzira ku Bedford ndi ku University College ya ku Oxford, kumene ankadziwika ndi luso lopalasa bwato pamipikisano, ndiponso kumene adapalana ubwenzi ndi Chauncy Maples. Awiriwa adamva pempho la Bishopu Edward Steere wa bungwe la Universities' Mission to Central Africa lofuna achinyamata okagwira ntchito ku Africa, ndipo m'chaka cha 1876 onse adafika ku Zanzibar.

Atatumikira kwa kanthawi ku Masasi, mudzi wa akapolo owomboledwa kummwera kwa dziko limene tsopano ndi Tanzania, a Johnson adapita okha kwa mfumu Mataka ya Ayao ku Mwembe m'chaka cha 1880. Sadakhalitseko. Mfumuyo idawaganizira kuti ankaululira Angerezi njira za amalonda a akapolo, motero m'chaka cha 1881 nyumba yawo idafunkhidwa ndipo iwo adachoka chimanjamanja. Chaka chotsatira adafika m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi wansembe mnzawo Charles Janson, amene adadwala n'kumwalira patangopita masiku owerengeka.

Zimene adapeza kugombe la kum'mawa ndizo zidakonza moyo wawo wonse. Anyanja a kumeneko adali pakati pa moto uwiri: kumpoto kunkachokera nkhondo za Angoni otchedwa Magwangwara, kummwera kunkachokera ogula ndi ogwira akapolo. Anthu adasiya minda yachonde n'kukathithikana m'malinga a m'mphepete mwa madzi, ena m'mabango, ena pamatanthwe ndi patizilumba, ena adafika pozika mitengo m'madzi n'kumangapo nyumba. Midzi yotereyi idandanda kutalika kwa gombe lonse, ndipo kuifikira pamtunda kudali kuika moyo pachiswe. A Johnson, atakhala kwa mfumu Chiteji moyang'anana ndi Likoma, adaona kuti msewu wokha wodalirika udali nyanja yomweyo. Choncho adabwerera ku England m'chaka cha 1884 kukapempha ndalama zogulira sitima yoyendera nthunzi.

Ndalama zidapezeka, sitima idapangidwa n'kutumizidwa m'zidutswa. Koma pobwerera, ali ku Quelimane, a Johnson adagwidwa ndi nthenda yoopsa ya maso ndipo adachita khungu. Adawabweza ku England, kumene madokotala adapulumutsako pang'ono diso limodzi. Sitimayo idalumikizidwa ku Matope pa mtsinje wa Shire iwo kulibe, idalowa m'madzi m'chaka cha 1885, ndipo idapatsidwa dzina la malemu Charles Janson. Munthu wina akadaona kuti wachita mbali yake. Iwo adabwerera mu 1886 n'kukwera sitima yawo.

Kuyambira pamenepo sitimayo idasanduka nyumba yawo, tchalitchi chawo ndi sukulu yawo. Inkayenda kuchoka gombe ili kufika gombe linalo, kuima kuti atole nkhuni zosonkhezera moto wa injini, kubisala kuseri kwa zilumba mwera ukakalipa. Pamudzi uliwonse umene mfumu idavomera, ankasiyapo mphunzitsi wachikuda, ndipo pobweranso ankayesa ana asukulu, kuchititsa mapemphero, kumva madandaulo n'kupitirira. Aphunzitsi oyamba ambiri adali akapolo owomboledwa ochokera ku Zanzibar, monga Augustine Ambali amene adakhala zaka zambiri ku Msumba ndipo pambuyo pake adadzozedwa unsembe. Kenaka padabwera ana a gombe lomwelo, monga Leonard Kamungu wa ku Chia, amene adakayambitsa ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, n'kumwalira komweko mu 1913. Mbiri zolembedwa ndi Azungu zimatama kwambiri munthu wa m'sitima, koma amene ankagona m'malinga usiku wa nkhondo, sitima itapita kale, adali aphunzitsi amenewa.

Ulendo wa panyanja nawo sudali wamtendere nthawi zonse. M'chaka cha 1888 a Johnson adatsika kwa mfumu Makanjira pamodzi ndi John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain. Anthu a mfumuyo adawagwira, adawachititsa manyazi, ndipo adawamasula atalandira dipo. Posakhalitsa gombe limene ankalitumikira lidagawidwa ku Ulaya: pangano la 1890 lidapereka chigawo cha kumpoto kwa Germany, ndipo la 1891 lidapereka chotsalacho kwa Portugal. Likoma ndi Chizumulu zidatsalira m'manja mwa Britain chifukwa cha mishoni ija. Parishi imodzi idapezeka ili pansi pa maboma atatu.

Nyanja idawalandanso bwenzi lawo. Chauncy Maples, amene adamanga mishoni ya pa Likoma, adadzozedwa kukhala bishopu ku London mu 1895, koma pobwerera boti lake lidagubuduzika ndi namondwe pa 2 September chaka chomwecho, ndipo adamira asadafike pachilumbapo. Adaikidwa ku Nkhotakota. Sitima yachiwiri ya mishoni, yopangidwira ku Glasgow, imene idalowa m'madzi mu 1901, idatchedwa dzina lake, ndipo a Johnson, amene tsopano adali akidikoni wa dera lonse la nyanja, adasamukira m'menemo. Pa Likoma tchalitchi chachikulu cha St Peter chidayamba kumangidwa mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankaotcherapo oganiziridwa ufiti, koma iwo sadali munthu wokhazikika pansi pa denga lamiyala.

Ntchito yawo ina yaikulu idachitikira m'kachipinda ka m'sitima, pepala atalifikitsa pafupi ndi diso: kumasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma ndi gombe la kum'mawa, mothandizana ndi aphunzitsi awo komanso amishonale anzawo. Baibulo lathunthu lidatuluka mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake adamasulira m'chinenero cha kumtunda, lisadatuluke mu 1922. Dzina lake lokha likusonyeza kusiyana kwa malankhulidwe awiriwa: Chikalakala Choyera, ndicho Malangano ya Kale ndi Malangano ya Chapano. Pamene wa ku Nkhoma akuti buku, wa kunyanja akuti chikalakala. Pamene uyu akuti chipangano, uyo akuti malangano. Lidapambana ndi Buku Lopatulika, pakuti mipingo, masukulu ndi owerenga ambiri adali kumtunda, ndipo boma la Malawi litasankha Chichewa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, kalankhulidwe ka kunyanja kadayamba kuonedwa ngati kakumudzi chabe. Kumeneku kudali kulakwa, chifukwa Chinyanja chimenecho chidali ndi Baibulo lathunthu Chichewa cha m'masukulu chisadakhale nalo.

Masukulu a m'mbali mwa nyanja adabala chipatso chimene a Johnson sadachikonzere. Likoma ndi chilumba chamiyala ndi milambe, chosatha kudyetsa onse obadwirapo, motero anyamata odziwa kulemba ndi kuwerengera adayamba kutuluka. Ambiri adalowa mumtsinje wa anthu a ku Nyasaland opita ku Southern Rhodesia, ku Salisbury, kumigodi ndi kumafamu a fodya a ku Mashonaland, kumene wodziwa cholembera ankatha kukhala kalaliki kapena kapitawo. Zidzukulu za obwera ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique zidakhala mbali yaikulu ya antchito a m'mafamuwo kufikira chaka cha 2000, pamene kulandidwa kwa mafamu kudabalalitsa ochuluka a iwo.

Yunivesite ya Oxford idawalemekeza ndi digiri yaulemu mu 1911, ndipo atakalamba adalemba mabuku awiri, Nyasa, the Great Water mu 1922 ndi My African Reminiscences mu 1924. Zaka zawo zomaliza adazithera kugombe la kumpoto chakum'mawa, limene nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha lidachoka m'manja mwa Germany n'kukhala gawo la Tanganyika, ndipo kumeneko ankamasulirabe mabuku m'zinenero za anthu a derali. Adamwalira ku Liuli pa 11 October 1928 ali ndi zaka 74. Manda awo ali komweko, pafupi ndi madzi, m'dziko la Tanzania.