Lewis Latimer, Mmisili wa Nyale za Magetsi

Malemu Lewis Latimer anabadwa mu 1848 ku Chelsea, Massachusetts, m'dziko la America, kwa makolo amene anathawa ukapolo ku Virginia. Anadziphunzitsa okha kujambula mapulani a makina, ndipo mu 1876 ndiwo anajambula mapulani a lamya ya Alexander Graham Bell. Mu 1882 boma linalembetsa m'dzina lao njira yabwino yopangira kaulusi ka makala koyaka m'nyale ya magetsi. Anamwalira mu 1928, ulemu wonse utapita kwa Thomas Edison, amene iwo anamugwirira nchito.

Lero ena pa intaneti amati a Latimer ndiwo anayambitsa nyaleyo. Ife sitivomereza, pakuti zolembedwa kumeneko zimanamanso: mpaka 2022 Wikipedia inali kutamanda munthu wopeka, Alan MacMasters, kuti ndiye anayambitsa makina oochera buledi. Tiziyamba tafufuza tisanakhulupirire. Nchito yeniyeni ya a Latimer njokwanira kuwapatsa ulemu popanda bodza.