Erasmus wa ku Rotterdam: Wansembe wa Makalata ndi Mabuku

Masiku ano munthu akalemba buku savutika ndi ulendo. Amangotumiza zolemba zakezo pa imelo, ndipo m'kamphindi zafika kwa osindikiza ngakhale ali kutsidya kwa nyanja. Mkonzi amawerenga, kuloza zolakwika, n'kuyankha pa imelo pomwepo. Komabe imelo imene imafika msangayo imathanso kupatsiridwa kwa anthu amene mwini wake sadawaganizire n'komwe. Vuto limeneli silidayambe ndi kompyuta. Zaka zoposa 500 zapitazo kudali wansembe wina amene makalata adamutsekulira zitseko za osindikiza mabuku otchuka a ku Ulaya, ndipo makalata omwewo adamuika m'mavuto aakulu. Dzina lake lidali Desiderius Erasmus.

Erasmus adabadwira mu mzinda wa Rotterdam, m'dziko limene lero timalitcha Netherlands, m'zaka za m'ma 1460. Makolo ake sadali pa ukwati wovomerezeka ndi Mpingo, ndipo nkhani imeneyi idamuvutitsa mumtima moyo wake wonse. Bambo ake, a Gerard, adagwirapo ntchito yokopera mabuku pamanja ku Italy. Mnyamatayu adaphunzira Chilatini pa sukulu ya ku Deventer, koma asanamalize maphunziro, mayi ake adamwalira ndi mliri, ndipo posakhalitsa bambo akenso adatsatira. Omulera adamuumiriza kulowa m'chipani cha Augustine Woyera pa nyumba yawo ya ku Steyn, pafupi ndi Gouda. Adadzozedwa unsembe mu 1492.

Ntchito yake yoyamba atatuluka m'nyumbamo idali ya makalata. Episkopi wa ku Cambrai, Henry wa ku Bergen, adamutenga kuti akhale mlembi wake chifukwa cha luso lake polemba Chilatini. Mu 1495 Erasmus adapita ku Paris kukapitiriza maphunziro, ndipo pofuna kupeza chakudya ankaphunzitsa ana a anthu olemera. Mmodzi mwa ophunzira akewo adamuitanira ku England mu 1499. Kumeneko adakumana ndi John Colet komanso Thomas More, amene lero timamulemekeza ngati woyera wofera chikhulupiriro. Ubwenzi wa Erasmus ndi More udakhala zaka zoposa makumi atatu, ndipo gawo lalikulu la ubwenziwo lidayenda m'makalata.

Pobwerera ku Paris mu 1500, alonda a pa doko la Dover adamulanda pafupifupi ndalama zake zonse, popeza lamulo silinkalola kutulutsa golide ndi siliva m'dzikomo. Atafika ku Paris ali chimanjamanja, adasonkhanitsa mofulumira miyambi yoposa 800 ya anthu akale a ku Roma ndi ku Greece, naisindikiza m'kabuku kotchedwa Adagia. Mofanana ndi momwe agogo athu amatambasulira mwambi, iye ankalemba mwambiwo kenaka n'kufotokoza kumene udachokera ndi tanthauzo lake.

Nthawi imeneyo makina osindikizira anali atangokwanitsa zaka pafupifupi makumi asanu chiwayambitsireni Johannes Gutenberg ku Mainz. Wolemba buku ankayenera kupeza wosindikiza wodziwa ntchito yake, apo ayi bukulo linkatuluka lodzaza ndi zolakwika. Zimenezi zidamuchitikira Erasmus. Masewero awiri a Euripides amene adawamasulira kuchokera m'Chigiriki kupita m'Chilatini adasindikizidwa ku Paris mu 1506, koma adatuluka ndi zolakwika zambiri.

Ali ku Bologna, m'dziko la Italy, Erasmus adatenga cholembera pa 28 Okutobala 1507 nalembera Aldus Manutius wa ku Venice, amene adali wosindikiza mabuku wotchuka koposa pa nthawiyo. Anthu awiriwa adali asanaonanepo. M'kalatamo Erasmus adayamba ndi kuyamikira ntchito ya Aldus, kenaka adapempha kuti masewero aja asindikizidwenso ndi timalemba take tating'ono tokongola, ndipo adalonjeza kuti iye mwini atengako ena mwa mabukuwo kuti Aldus asaluze. Aldus adavomera, ndipo kabukuko kadatuluka chakumapeto kwa chaka chomwecho. Olemba mabuku a masiku ano akamatumiza imelo yoyamba kwa osindikiza amatsata njira yomweyi: kudzidziwitsa, kunena zimene alemba, ndi kusonyeza kuti bukulo lidzapeza ogula.

Kalata imodzi imeneyi idasintha moyo wake. Mu 1508 adasamukira ku Venice, nakhala miyezi ingapo m'nyumba ya apongozi ake a Aldus, momwemo mmene mudali makina. Akatswiri a Chigiriki amene ankasonkhana pamenepo adamubwereka mabuku olembedwa pamanja amene iye adali asanawaonepo. Erasmus ankalemba pakati pa phokoso la makina, ndipo tsamba likangotha, antchito ankalitenga n'kuyamba kusanja malemba. Mu Seputembala 1508 Adagia yatsopano idatuluka ili ndi miyambi yoposa 3,000. Kuyambira pamenepo dzina la Erasmus lidadziwika m'masukulu onse aakulu a ku Ulaya.

Atabwerera ku England adalemba buku lanthabwala lotchedwa Moriae Encomium ali m'nyumba ya Thomas More mu 1509, kenaka adaphunzitsa ku Cambridge. Ali kumeneko adakonzanso Adagia, napereka zolembazo kwa wogulitsa mabuku wina, Franz Birckmann, kuti akazitule kwa wosindikiza Badius ku Paris. Birckmann sadapite nazo ku Paris. Adakazitula kwa Johann Froben, wosindikiza wa mu mzinda wa Basel, umene lero uli m'dziko la Switzerland. Erasmus adaonetsa kudandaula, koma mu Ogasiti 1514 iye mwini adatsatira zolemba zakezo ku Basel.

Kukumana kwake ndi Froben kudali koseketsa. Popeza masiku amenewo kudalibe zithunzi zojambula ndi kamera, anthu ambiri ankamudziwa Erasmus pa zolemba zokha. Iye atafika adapereka kalata yochokera kwa Erasmus, nadzionetsa ngati bwenzi lapamtima la mwini kalatayo, lotumidwa kudzakambirana za kusindikiza mabuku ake. Adaonjezanso kuti iye ndi Erasmus ngofanana kwambiri nkhope. Froben atazindikira kuti mthengayo ndi mwini kalata yemwe, adaseka. Apongozi ake a Froben adakalipira ngongole ya ku nyumba ya alendo, namutengera Erasmus kunyumba kwawo. Ubwenzi umenewu udakhalapo mpaka pamene Froben adamwalira mu 1527.

M'nyumba ya Froben ndi mmene mudatuluka ntchito zake zazikulu. Mu 1516 adatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chigiriki, pambali pake pali Chilatini, ndipo bukulo adalipereka kwa Papa Leo X. Aka kadali koyamba kuti Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chosindikizidwa chifike pa msika. Koma kuthamanga si kufika. Ntchitoyi idachitika mwaliwiro, ndipo mudalowa zolakwika zambiri. Buku la Chivumbulutso lolembedwa pamanja limene Erasmus adabwereka lidalibe tsamba lomaliza, choncho mavesi asanu ndi limodzi otsiriza adawamasulira yekha kuchokera m'Chilatini kubwerera m'Chigiriki. Adakonza zambiri mwa zolakwikazo potulutsanso bukuli mu 1519 ndi m'zaka zotsatira. M'chaka chomwecho cha 1516 Froben adasindikizanso zolemba za Jerome Woyera m'mabuku asanu ndi anayi, ndipo gawo la makalata a woyerayu adalikonza ndi Erasmus, amene ankamukonda Jerome koposa aphunzitsi ena onse akale a Mpingo.

Kutchuka kudabwera ndi mulu wa makalata. Mafumu, maepiskopi, aphunzitsi, ophunzira ndi osindikiza mabuku onse ankamulembera. Makalata ankayenda ndi amalonda, makamaka opita ku msika waukulu wa mabuku wa ku Frankfurt umene unkachitika kawiri pa chaka. Erasmus adalinso ndi anyamata m'nyumba mwake amene ankakopera makalata ake ndi kuwanyamula ulendo wa masabata angapo mpaka ku England ndi maiko ena. Ena ankatayika pa njira, ena ankatsekulidwa ndi anthu achidwi. Wolandira kalata ya Erasmus ankaiwerengera anzake monyadira, anzakewo n'kuikopera, mpaka ina inkapezeka ili kwa osindikiza mwini wake asakudziwa.

Apa ndi pamene padagona tsoka lake. Mu 1517 Martin Luther adayamba kutsutsa za chikhululukiro cha zilango za machimo chimene ena ankachilalikira ngati malonda. Erasmus nayenso adali atadzudzula kale makhalidwe ena oipa a mu Mpingo, choncho anthu ankafuna kudziwa mbali imene adzaime. Mu Meyi 1519 adayankha kalata ya Luther mwaulemu, nam'langiza kuti azichita zinthu modekha. Kalatayo idasindikizidwa popanda chilolezo chake, ndipo adani ake adaitenga ngati umboni woti ali mbali ya Luther.

Mu Okutobala chaka chomwecho adalembera Albert wa ku Brandenburg, Arkiepiskopi wa ku Mainz, kalata yofotokoza maganizo ake. Adanena kuti iye sadali woneneza Luther kapena womuteteza, koma kuti munthu wolakwa ayenera kulangizidwa ndi kuphunzitsidwa, osati kuponderezedwa. Kalatayi adaipereka m'manja mwa Ulrich von Hutten, mlembi amene ankatumikira Arkiepiskopiyo ndipo ankamuyesa bwenzi. Posakhalitsa idapezeka itasindikizidwa ndipo ikuwerengedwa ponseponse m'dziko la Germany. Erasmus adaloza chala Hutten. Mawu amene adalembera munthu mmodzi mwachinsinsi adasanduka chida cha pa nkhondo ya anthu ena. Aphunzitsi a zauzimu a ku Louvain, kumene ankakhala pa nthawiyo, adayamba kumudzudzula ngakhale pa guwa, mpaka mu 1521 adachokako nakakhazikika ku Basel. Ubwenzi wake ndi Hutten udatha, ndipo mu 1523 awiriwa adalemberana timabuku tonyozana.

Erasmus sadasiye kulemba makalata, koma adachenjera. Ankasonkhanitsa ndi kusindikiza yekha makalata ake, atawawerenganso ndi kuchotsamo kapena kusintha zimene zikadavulaza iye kapena anzake. Mu 1522 adatulutsa buku lophunzitsa kalembedwe ka makalata, De conscribendis epistolis, limene lidagwiritsidwa ntchito m'masukulu ambiri. Mu 1524 adaonetsa poyera mbali imene adaima polemba buku lotsutsa Luther pa nkhani ya ufulu wa munthu wosankha chabwino kapena choipa. Luther adamuyankha mwaukali mu 1525. Kuchokera apo Erasmus adali pakati pa moto uwiri: otsatira Luther ankamutcha wamantha, pamene Akatolika ena ankati ndiye adayatsa motowo.

Mzinda wa Basel utaletsa Nsembe ya Misa mu 1529, Erasmus adasamukira ku Freiburg, mzinda wa Chikatolika. Mu 1535 adalandira uthenga wowawa wakuti Mfumu Henry VIII yapha anzake awiri, Episkopi John Fisher ndi Thomas More. Chaka chomwecho adabwerera ku Basel kukayang'anira kusindikizidwa kwa buku lake lonena za ulaliki pa makina a mwana wa Froben. Matenda adamugwirira komweko, ndipo adamwalira mu Julayi 1536 ali wansembe wa Mpingo wa Katolika. Adaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Ngakhale m'manda mikangano idamutsatira, pakuti mu 1559 Papa Paul IV adaika mabuku ake onse pa mndandanda wa mabuku oletsedwa, ngakhale kuti chiletsocho chidafewetsedwa patapita zaka zochepa.

Makalata oposa 3,000, ena olembedwa ndi iye, ena olembedwa kwa iye, adakalipo mpaka lero. Katswiri wina wa ku Oxford, P. S. Allen, adathera moyo wake powasonkhanitsa, ndipo adasindikizidwa m'mabuku khumi ndi awiri kuyambira mu 1906 mpaka mu 1958. Nkhani zambiri zimene zili m'mbiri ino, monga ya kukumana ndi Froben, timazidziwa chifukwa cha makalata amenewo.

Ambiri a ife, Mulungu akalola, tidzakhala tikulemba makalata moyo wathu wonse: kwa Ambuye Episkopi, kwa akhristu, kwa abwenzi othandiza parishi, mwinanso kwa osindikiza mabuku a nyimbo ndi a katekisimu. Ambiri mwa makalatawo adzayenda pa imelo. Moyo wa Erasmus ukutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kalata yolembedwa bwino, yaulemu ndi yolunjika pa mfundo, imatha kutsekula chitseko cha munthu amene sitinamuonepo, monga idachitira ya kwa Aldus. Chachiwiri, kalata ikachoka m'manja mwathu sitingaiitanenso. Ya kwa Arkiepiskopi Albert idatenga masabata kuti ifalikire, koma imelo imafalikira m'mphindi zochepa. Choncho tisanatumize, tiziwerenganso zimene talemba ndi kudzifunsa ngati tingazivomere zitawerengedwa pamaso pa anthu onse. Ndipo mnzathu akatidalira ndi kalata yake, tiziifikitsa kwa mwini wake yekha.