Luther Taylor: katswiri wosamva amene anzake anaphunzira chinenero chake

Luther Taylor anabadwa wosamva pa 21 February 1875 ku Oskaloosa, m'chigawo cha Kansas ku America. Ali mnyamata pasukulu ya ana osamva ku Olathe ankakonda nkhonya, koma luso lake linaonekera pa baseball, masewero oponya kampira ndi kukamenya ndi chibonga.

Mu 1900 anayamba kuponyera mpira timu yotchuka ya New York Giants, ndipo anzake anaphunzira chinenero chamanja kuti azicheza naye. Mu 1902 ndalama zinamukopera ku timu ya Cleveland, koma kumeneko anasowa wolankhula naye. Chaka chisanathe anabwerera ku Giants, kumene mu 1904 anapambana masewero 21.

Atapuma, anabwerera kusukulu imene inamulera kukaphunzitsa anyamata masewero, ntchito imene anaipitiriza ku Iowa ndi ku Illinois. Mmodzi mwa anyamata amene anawasula, Dick Sipek, anasewera m'timu ya Cincinnati Reds mu 1945.

Taylor anamwalira pa 22 August 1958. Nyumba yochitiramo masewero pasukulu ya ku Olathe ija imatchedwa dzina lake.