MBIRI YA JOSEPH JENCKES, WOSULA WA KU PAWTUCKET

Tifuna kukufotokozerani mbiri ya wosula zitsulo, dzina lace Joseph Jenckes, amene anakhala m'dziko la America masiku aja pamene Angelezi analinkuyamba kumanga midzi yao m'mbali mwa nyanja. Tiyambe ndi makolo ace, pakuti wosula ali yense ali naco cipala cimene anayamba kupukusirapo mvukuto ali mwana.

Agogo ace, John Jenckes, anali wosula mipeni m'mudzi waukuru wa London, ndipo mkazi wao Sarah Fulwater anali mwana wa munthu wocokera ku Germany. Kwa iwo kunabadwa mwana m'caka ca 1599, namucha Joseph. Ameneyu timucha Joseph wamkuru, ndiye atate wa munthu wa m'mbiri yathu. Atakula anagwira nchito yosula malupanga ku Hounslow, kumadzulo kwa London. M'caka ca 1627 anakwatira Joan Hearne, ndipo caka cotsatira kunabadwa Joseph wamng'ono. Koma mwanayo asanafikitse zaka zisanu ndi ziwiri, amace anamwalira, m'caka ca 1635. Patapita zaka zowerengeka atate ace anaoloka nyanja kunka ku America, namsiya mnyamatayo ku England. Cotero ubwana wace unali waumasiye, wopanda mai, ndi atate ali kutsidya kwa nyanja.

Ku America Joseph wamkuru anakhazikika ku Lynn, m'dziko la Massachusetts, pa mtsinje wa Saugus, pamene Angelezi anamanga ng'anjo yaikuru yosungunulira citsulo. Pamenepo madzi a mtsinje ndiwo anali kuzunguza njinga zazikuru zamitengo, ndipo njingazo zinali kupukusa mivukuto ndi kutukula nyundo yolemera imene munthu sakanatha kuinyamula ndi dzanja. M'caka ca 1646 akuru a dziko anampatsa kalata wakuti kwa zaka 14 iye yekha ndiye apange makina ace atsopano oyendera madzi, osulira mazenga ndi zipangizo zina zakuthwa. Kalata wotere wa pa makina ndiye anali woyamba m'midzi ya Angelezi ya ku America. M'caka ca 1655 analandira kalata wina cifukwa ca zenga lace lalitali lomwetera udzu, limene analilimbitsa ndi kamtanda ka citsulo kumsana kwace kuti lisapindike.

Joseph wamng'ono atafika pa unyamata anatsata atate ace, nagwira nao nchito pa cipala ca ku Lynn. Kumeneko anaphunzira kuzindikira kutentha kwa citsulo pakuona maonekedwe ace pamoto, ndi kucera madzi a mtsinje kuti amgwirire nchito. Anakwatira Esther Ballard, nabala naye ana amuna anai ndi ana akazi.

Sitibisa colakwa cace. Pamene Charles II analowa ufumu wa England m'caka ca 1660, Joseph analankhula mau aukali onyoza mfumuyo, ndipo amene anamva anakamnenera kwa oweruza. Anamgwira, namtsekera m'ndende pa mlandu woukira mfumu, umene cilango cace cikanakhala imfa. Pambuyo pace anammasula, koma anali ataona kuti munthu wodziwa kuweta moto wa pa cipala akhoza kupsa ndi moto wa pa lilime lace.

Nchito ya ng'anjo ya ku Saugus itayamba kufooka cifukwa ca ngongole, Joseph anasamuka ndi banja lace kunka ku Rhode Island, dziko limene Roger Williams analiyamba kuti munthu ali yense apembedze Mulungu monga umuuza mtima wace. M'caka ca 1669 anali ku Warwick, kumene anamlola kudula mitengo ya makina ace ocekera matabwa. Tsono m'caka ca 1671 anagula malo a maekala 60 pafupi ndi mathithi a Pawtucket, pa mtsinje wa Blackstone. Maso a wosula anaona pamenepo zimene ena sanaziona: madzi akugwa ndi mphamvu caka conse, nkhalango yoochamo makala, ndi njira ya pamadzi yofikira ku Providence. Anamanga nyumba ndi cipala, ndipo pambuyo pace makina ocekera matabwa.

Koma dziko limenelo linali ndi eni ace. Mitundu ya Wampanoag ndi Narragansett inakhalamo Angelezi asanadze, ndipo caka ndi caka inali kuona minda yace ndi nkhalango zace zirikucepa. M'caka ca 1675 kunabuka nkhondo, mtsogoleri wa Awampanoag ndiye Metacom, amene Angelezi anamucha King Philip. Kumapeto kwa caka cimeneco asilikari a Angelezi anathira nkhondo linga la Anarragansett m'dambo lalikuru, nalitentha, ndipo anafamo anthu mazana ambiri, pamodzi ndi akazi ndi ana. M'caka ca 1676 Anarragansett anabwezera, natentha nyumba zambiri za ku Providence. M'nkhondo yomweyi cipala ca Joseph ndi nyumba yace zinapsa, nizisanduka phulusa. Tikamva cisoni ndi wosula amene nchito ya zaka zace inatha tsiku limodzi, tisaiwale kuti eni dziko anataya zoposa, pakuti ambiri anaphedwa, ndi ena anagulitsidwa ukapolo ku zisumbu zakutali.

Nkhondo itatha Joseph anabwerera ku mathithi aja, nayambanso. Moto unadya denga, mivukuto ndi njinga zamitengo, koma nzeru imene anailandira kwa atate ace, ndi atate ace kwa agogo ace, inali m'manja mwace ndi m'manja mwa ana ace. Cipala cinamangidwanso, anthu ena anadza kudzakhala pafupi naco, ndipo mudzi wa Pawtucket unayamba motero. Anzace anamsankha kawirikawiri akhale m'bwalo la akuru oweruza dziko la Rhode Island. Atate ace anamwalira ku Lynn m'caka ca 1683, ndipo iye mwini anamwalira kuciyambi kwa caka ca 1717, ali nkhalamba ya zaka 88.

Ana ace anayenda njira zosiyana. Woyamba, nayenso Joseph, anakhala bwanamkubwa wa Rhode Island kuyambira 1727 kufikira 1732. Ebenezer anakhala mbusa wa mpingo wa Baptist ku Providence. A pfuko lace anasunga nchito ya citsulo pa mathithiwo mibadwo ingapo, ndipo m'caka ca 1793 Samuel Slater ndi anzace anamanga pomwepo nyumba ya makina opota thonje oyendera madzi, imene inachukitsa Pawtucket m'dziko lonse la America.

Abale, ambiri a ife tifunira ana athu nchito ya colembera, ndipo tiyesa nyundo ndi mbaniro zinthu zocititsa manyazi. Koma Ambuye wathu anakulira m'nyumba ya mmisiri wa mitengo, ndipo Paulo mtumwi anadzidyetsa ndi nchito yosoka mahema. Cuma ca m'nyumba cikhoza kupsa usiku umodzi, monga cinapsa ca Joseph Jenckes. Cifukwa cace atate ali yense wodziwa umisiri aitane mwana wace akhale pambali pace pogwira nchito, namphunzitse pamodzi ndi kuopa Mulungu ndi kusunga lilime, kuti tsiku la tsoka likadza akhale naco coyambiranso.