Øjvind Winge

Øjvind Winge (1886–1964) anali wasayansi wa ku Denmark amene anayambitsa kafukufuku wa majini a yisiti. Anabadwira ku Aarhus, ndipo kuyambira mu 1933 ankatsogolera nthambi ina ya Carlsberg Laboratory ku Copenhagen.

Mu 1935 anasonyeza kuti yisiti sachulukana pongophukira basi: maselo ake amathanso kuphatikizana awiriawiri n'kusakaniza majini. Zimenezi zinatheketsa kukwatitsa mitundu ya yisiti ndi kulondola mmene majini amapitira ku mbadwo wotsatira.

Winge anamwalira ntchitoyi isanabale zipatso zake zazikulu. Mu 1978 asayansi analowetsa jini mu yisiti kudzera mu plasmid, kamkombero ka DNA konyamula majini. Masiku ano yisiti wosinthidwa chonchi amapanga insulin ndi katemera wa hepatitis B.