C. S. Lewis: Pamene Nthenda Ibweranso

Kuwerenga: 2 Mafumu 20:1-6, Masalmo 13, Marko 14:32-36.

Clive Staples Lewis anabadwira ku Belfast, pa chilumba cha Ireland, m'chaka cha 1898. Ali ndi zaka 9 amake anadwala khansa. Mwanayo anapemphera kolimba kuti achire, koma anamwalira mu 1908. Atasinkhuka anataya chikhulupiriro, nakhala zaka zambiri akukana Mulungu. Mu 1931, ali mphunzitsi pa sukulu ya ukachenjede ya Oxford, anatembenuka mtima navomereza Yesu Khristu. Kuyambira pamenepo analemba mabuku ambiri otchinjiriza Chikhristu, ndi nthano za ana za Narnia.

Lewis anakwatira atakula ndithu. Mkazi wake anali Joy Davidman wa ku America. Mu 1956 madokotala anapeza kuti mayiyu ali ndi khansa imene inali italowa m'mafupa, ndipo panalibe chiyembekezo. Pa 21 Malichi 1957 ukwati wao unadalitsidwa m'chipatala, mkwatibwi ali gone pakama. Mbusa Peter Bide anamsanjika manja nampempherera. Anamtengera kunyumba kuti akafere kwao, koma m'malo mwake anayamba kupeza bwino. Mafupa analimba, anayendanso ndi ndodo, ndipo mu 1958 anapita pamodzi kukacheza ku Ireland.

Mu Okutobala 1959 khansa ija inabweranso. Lewis sanaleke kupemphera, ngakhale anadziwa kumene nthendayo inali kulinga. Anamsamala mkazi wake, ndipo mu Epulo 1960 anapita naye ku Greece, dziko limene mayiyo analakalaka kuliona. Joy anamwalira pa 13 Julayi 1960, ali ndi zaka 45.

Chisoni chinamgwedeza Lewis kwambiri. M'buku lake la A Grief Observed, lotuluka mu 1961, sanabise kuti masiku ena Mulungu anaoneka ngati wamtsekera khomo. Koma madandaulo onsewo anawatula pamaso pa Mulungu yemweyo, monga Davide m'Salmo 13, ndipo pang'ono ndi pang'ono mtendere unabwerera. Anamwalira ali Mkhristu pa 22 Novembala 1963.

Kwa Mphunzitsi: Mfumu Hezekiya anamuonjezera zaka 15, komabe tsiku lake linafika. Joy anapatsidwa zaka 3. Kubweranso kwa nthenda sikutanthauza kuti pemphero loyamba lija linapita pachabe, pakuti zaka zimenezo zinali mphatso yeniyeni. M'kalasi mwanu mungakhale mwana amene kholo lake linachira khansa, ya m'bongo kapena ina, ndipo tsopano ladwalanso. Musamuuze kuti chikhulupiriro chake chachepa, ndiponso musamlonjeze machiritso amene Mulungu sanalonjeze. Mloleni alire. Mphunzitseni pemphero la Ambuye wathu m'Getsemane: kupempha molimba mtima, ndi kusiya yankho m'manja mwa Atate. Sabata lisanathe, kazondeni wodwalayo pamodzi ndi mkulu wa mpingo.